Mafunso ndi Mayankho: Mapaipi a Mabuleki pa Galimoto Yakale

Makalata ambiri amene afika ulendo uno achokera kwa anthu amene akudzutsa magalimoto akale, ndipo ochuluka akufunsa za mapaipi a mabuleki. Tasankhapo angapo. Ena tawafupikitsa chifukwa cha malo.

FUNSO: Ndikudzutsa Land Rover Series IIA ya 1968 imene yakhala zaka zambiri pansi pa mtengo. Mapaipi a mabuleki adyeka ndi dzimbiri. Mnzanga akuti ndigule paipi yamkuwa ya mafiriji chifukwa ndi yotchipa ndipo sichita dzimbiri. Kodi ndingatero? Wowerenga wa ku Zomba

YANKHO: Ayi bambo, musatero. N'zoona kuti mkuwa suchita dzimbiri, koma uli ndi vuto lake. Ukamagwedezeka kwa nthawi yaitali umauma n'kuyamba kung'aluka, makamaka kuseri kwa nati pamene paipi inakhomedwa mlomo, kutanthauza kumapeto kwake koumbidwa kuti kutseke mafuta. Land Rover pamsewu wafumbi imanjenjemera ulendo wonse, ndipo mng'alu woterewu suchenjeza. Mukaponda buleki mwadzidzidzi, mphamvu ya mafuta m'mapaipi imafika 80 mpaka 100 bar, pamene tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa 2 bar yokha. Kumbukiraninso kuti magalimoto ambiri a zaka zimenezo ali ndi njira imodzi yokha ya mafuta yodyetsa mawilo onse anayi. Paipi imodzi ikaphulika, buleki yonse yatha, mwatsala ndi handibuleki. Inu amene mumakhala kufupi ndi msewu wotsika phiri la Zomba mukudziwa tanthauzo la zimenezi.

Mapaipi oyenera alipo a mitundu iwiri. Woyamba ndi wachitsulo, umene umatchedwa Bundy, wopangidwa pokulunga chitsulo kawiri n'kuchimata ndi mkuwa. Ndi umene galimoto yanu inatuluka nawo ku fakitale. Ndi wolimba, koma ndi wovuta kupinda ndi kukhoma mlomo ndi zida za pamanja, ndipo matope a nyengo ya mvula akakakamira pa chassis amaudya pang'onopang'ono. Wachiwiri ndi wosakaniza mkuwa magawo 90 ndi nickel magawo 10, umene amaugulitsa ndi dzina la Cunifer kapena Kunifer. Umenewu ndi umene timalimbikitsa kwa munthu wogwira ntchito pakhomo. Suchita dzimbiri, umapindika bwino, ndipo umapirira kugwedezeka kuposa mkuwa weniweni. Kampani ya Volvo inayamba kuugwiritsa ntchito pa magalimoto ake mu 1976. Mungauzindikire ndi maonekedwe: ndi wotuwirako, sufiira kwambiri ngati paipi ya firiji.

Kukula kwake ndi 3/16 ya inchi, kapena 4.75 mm, poyeza kunja. Amagulitsa mokulunga mafiti 25, omwe ndi mamita 7.6. Mkulungo umodzi umakwanira galimoto yaing'ono, koma pa Land Rover yaitali gulani iwiri, chifukwa ina mudzaononga pophunzira. Pa magalimoto amene chitini cha mafuta a buleki chili patali ndi master cylinder, pampu imene pedulo imakankha kuti itumize mafuta ku mawilo, paipi yolumikiza ziwirizi nthawi zambiri imakhala yokulirapo, ya 1/4 ya inchi. Iyezeni musanapite kogula.

FUNSO: Ndapanga mapaipi atsopano a Volkswagen Beetle yanga. Ndamanga manati onse mwamphamvu koma malo atatu akudonthabe. Ndakulunga tepi yoyera ya mipope ya madzi pa mazinga, sizinathandize. Ndikulakwitsa pati? Wowerenga wa ku Lilongwe

YANKHO: Yambani ndi kuchotsa tepiyo. Pa paipi ya buleki mazinga satseka mafuta ayi. Ntchito ya nati ndi kukankha mlomo wa paipi, umene amakaniko amautcha flare, kuti ukhale ndendende pa mpando wake m'kati mwa dzenje. Chitsulo chikakumana ndi chitsulo pamenepo, mafuta sadutsa. Tepi imangobisa vuto, ndipo tizidutswa take tikalowa m'kati timakatseka timabowo ta master cylinder.

Tikukayikira kuti mwakhoma mlomo wa mtundu wolakwika. Milomo yofala ilipo iwiri. Wina ndi double flare, umene kumapeto kwa paipi kumapindikira m'kati n'kusiya kamwa yotambasuka pa madigiri 45. Umenewu umapezeka pa magalimoto a ku America ndi ambiri a ku Japan monga Toyota ndi Datsun. Wina ndi bubble flare, umene kumapeto kwa paipi kumatupa n'kukhala kamutu kozungulira. Umenewu ndi wa magalimoto a ku Germany, kuphatikizapo Beetle yanuyo. Magalimoto a ku Britain a mabuleki a Girling kapena Lockheed amatha kukhala ndi mitundu yonse iwiri, nthawi zina pa paipi imodzi yomweyo, uku mlomo wina uku wina. N'chifukwa chake paipi yakale siitayidwa ntchito isanathe.

Ngati yakaleyo munataya, tengani tochi muunike m'dzenje mmene paipi imalowa. Mukaona pansi pake pali kachulu kotukukira kwa inu, pakufunika double flare kuti kamwa ya paipi ivale kachuluko. Mukaona pansi pake pali polowa m'kati, pakufunika bubble flare. Mukaika double flare pa mpando wolowa m'kati, ziwirizi zimangokhudzana m'mphepete, ndipo ngakhale mumange bwanji padzadontha basi.

Pali chinanso chimene chimagwetsa ambiri. Bubble flare ya magalimoto a ku Germany imakhala yathyathyathya kumbuyo kwake, pamene nati imatsamira. Chida chotchipa cha double flare mukachigwiritsa gawo loyamba lokha chimatulutsa kamutu kooneka ngati bubble, koma kumbuyo kwake kumakhala kopendekeka. Nati ya Beetle siikankha bwino mlomo woterowo. Funani chida chokhala ndi zikombole zolembedwa DIN kapena ISO za 4.75 mm. Zida zomangira pa vayisi zimatulutsa milomo yabwino kwambiri kuposa zija za zitsulo ziwiri zomanga ndi manja, zimene paipi imakonda kuterereka.

Kakhomedwe kake, mtundu uliwonse, kamayambira pa kadulidwe. Dulani ndi chodulira mapaipi cha kagudumu, osati sowo, ndipo muzimanga pang'onopang'ono mukamazungulitsa. Mukafulumira, kagudumu kamafinya paipi n'kuumitsa kumapeto kwake, kenako mlomo umang'aluka. Mukadula, palani kamlomo kakuthwa kamene kamatsalira m'kati, salazani kumapeto ndi tupa kuti kukhale kowongoka, kenako setekani pang'ono m'mphepete mwa kunja. Pochita zimenezi paipi iziyang'ana pansi kuti tizitsulo tisagwere m'kati. Lowetsani nati tsopano, mazinga atayang'ana kumapeto, musanakhome. Ambiri amakumbukira nati mlomo atakhoma kale, ndipo paipi imafupika chifukwa choidulanso.

Ikani paipi m'chida kuti itulukire mulingo umene chidacho chikufuna. Pa zida za zitsulo ziwiri, mulingowo ndi wofanana ndi phewa la kachikombole. Ikatulukira kwambiri mlomo umapendekeka, ikaperewera mlomo umachepa ndipo nati imatha kuudumpha. Dontheza la mafuta a buleki pa chikombole limathandiza. Musaikepo girisi kapena oilo wa injini, chifukwa amatupitsa malabala a mabuleki. Pa double flare, gawo loyamba limatupitsa paipi, lachiwiri limapindira m'kati. Pa gawo lachiwirili lekani mukangomva kulimba. Mukapitirira mumaphwanya mlomo n'kuupyapyalitsa, ndipo sutsala ndi pofinyikira pamene nati ikumangidwa.

Mlomo uliwonse uunikeni poyera. Ukhale wozungulira mofanana mbali zonse, bowo lili pakati, wopanda mng'alu kapena chipsera. Wokayikitsa duleni mupangenso. Yambani ndi tizidutswa tophunzirira mpaka milomo izituluka yofanana, kenako mugwire paipi yeniyeni.

Pomanga, nati ilowe ndi zala mazinga angapo musanagwire sipanala. Mphamvu yake ndi yochepa, pafupifupi 15 Nm pa nati ya 10 mm. Mlomo watsopano ukamachita chinyezi, masulani pang'ono n'kumanganso kawiri kapena katatu kuti ukhazikike. Ukadonthabe, vuto ndi mlomowo kapena mpando wake, osati mphamvu ya dzanja lanu.

FUNSO: Ndinagula ma wheel cylinder atsopano, aja a m'mawilo okankha mashuzi a buleki, a Land Rover Series III. Nati yakale ikulowa mosavuta koma ikugwedera pang'ono. Wogulitsa akuti ikamangika ilimba. Ndi zoona? Wowerenga wa ku Limbe

YANKHO: Musamange, achimwene. Ili ndi limodzi mwa mavuto oopsa kwambiri pa ntchito imeneyi chifukwa diso silionapo cholakwika. Magalimoto ambiri akale a ku Britain ali ndi manati a 3/8 UNF, a mazinga 24 pa inchi. Ambiri a ku Japan ndi a ku Germany ali ndi manati a M10 x 1. Land Rover inasintha kuchoka ku UNF kupita ku mametiriki cha m'ma 1980, Series III ikupangidwabe, ndiye zida zake zilipo za mitundu yonse iwiri. Komanso galimoto ya zaka zoposa 40 yadutsa m'manja ambiri, ndipo mwina ekiselo yake inachokera pa galimoto ina.

Nati ya 3/8 ndi 9.5 mm kukula kwake, ndipo mazinga ake atalikirana 1.06 mm. Ya M10 ndi 10 mm, mazinga atalikirana 1 mm. Kusiyana kwake n'kochepa moti nati ya UNF imalowa m'dzenje la M10, n'kumaoneka ngati yagwira. Koma imagwira ndi nsonga za mazinga zokha. Itha kukhala milungu ingapo osadontha, tsiku loponda buleki mwamphamvu n'kuzuka. Kumbali inayi, nati ya M10 m'dzenje la UNF imakana ikangoyamba kulowa, ndipo woikakamiza amaononga dzenjelo.

Yezani ndi vernier, chida choyezera mamilimita molondola, kapena gulani nati imodzi ya mtundu uliwonse muzisunge ngati zoyesera. Nati yoyenera imalowa ndi zala mosalala, osagwedera. Sipanala imathanso kukupatsani chithunzi: ya UNF nthawi zambiri imafuna 7/16 ya inchi, ya mametiriki 10 kapena 11 mm, ngakhale 7/16 ndi 11 mm zimayandikana kwambiri moti musadalire zimenezi zokha. Poti mukupanga nokha mapaipi, yankho ndi losavuta: ikani nati ya M10 kumbali ya cylinder yatsopano, ya UNF kumbali imene dzenje lili la UNF. Yang'ananinso kutalika kwa nati. Yaifupi imatha mazinga isanakankhe mlomo.

FUNSO: Ndili ndi Datsun 1200 ya bokosi imene ndikufuna kudzapita nayo kumudzi. Ndichotse bwanji mapaipi akale osaononga zinthu, nanga atsopano ndiwapinde bwanji kuti aoneke ngati a ku fakitale? Wowerenga wa ku Johannesburg

YANKHO: Musanamasule chilichonse jambulani ndi foni njira yonse imene paipi iliyonse yadutsa, ndi pamene pali zogwirira. Galimoto ikhale pa zoimikira zachitsulo, osati pa jeke yekha kapena pa njerwa. Thirani mafuta omasulira dzimbiri pa manati dzulo lake. Gwiritsani sipanala ya mapaipi, ija yokhala ngati ring'i yodulidwa kampata, chifukwa sipanala wamba imasalaza ngodya za nati. Nati ikakanika, dulani paipi pafupi nayo n'kuvala soketi ya ngodya 6. Paipi iliyonse imangirireni kapepala kolemba kumene yachokera, ndipo tsekani mabowo otsala kuti fumbi lisalowe.

Kutalika kwake yezani potsatira paipi yakale ndi chingwe, muonjezere masentimita angapo. Wongolani paipi yatsopano poigudubuza pansi posalala. Khomani mlomo mbali imodzi, ndipo muyambire kupinda kumbali imeneyo, mutaigundanitsa ndi yakale n'kumazimanga pamodzi ndi tepi mukamaliza khona lililonse. Mlomo wachiwiri ukhomedwe pomaliza, mutayesa paipi pa galimoto. Kunifer imapindika ndi zala pa makhona otambasuka, koma pa othina gwiritsani chopindira kapena zungulizani pa soketi yaikulu yomangidwa pa vayisi. Paipi ikafinyika n'kuchita mphako pa khona, itayeni. Kuiwongola sikubwezeretsa mphamvu yake. Siyani masentimita 2 kapena 3 owongoka kuseri kwa mlomo kuti nati izitha kubwerera m'mbuyo.

Pa galimoto, paipi ifike pa dzenje lake yokha, molunjika, osati kukokedwa ndi nati. Igwiridwe ndi zogwirira zokhala ndi labala pa masentimita 30 alionse kapena kucheperapo, ndipo Kunifer imafuna zogwirira zambiri kuposa yachitsulo chifukwa ndi yofewa. Isakhudze chitsulo china chilichonse, popeza pamene ikukhuza pamabooka. Pobowoleza bodi ikani labala. Italikirane ndi ekizozi, chiwongolero, masipuling'i ndi mawaya a batire, ndipo isadutse pansi pa chassis pamene mwala kapena jeke angaiphwanye. Pa misewu ya kumudzi mfundo yomalizayi ndi yaikulu. Pamene paipi ikuchoka pa bodi kupita pa chassis, ipatseni khona lotambasuka kapena mkombero kuti izitha kusuntha pang'ono. Musanaimange, ipemerereni ndi mpweya wa kompuresa.

FUNSO: Paipi yopita kumbuyo yabooka malo amodzi okha. Kodi ndingaiwotcherere kapena kuilumikiza ndi cholumikizira cha mipope chija cha kamphete? Wowerenga wa ku Kasungu

YANKHO: Zonse ziwiri ayi. Moto umafewetsa paipi, ndipo kamphete kamangogwira kunja kwa paipi moti kamavuka mphamvu ikakwera. Kulumikiza kovomerezeka ndi kwa milomo iwiri yokhomedwa bwino, manati awiri ndi cholumikizira cha mabuleki pakati. Koma paipi imene dzimbiri laboola malo amodzi yadyeka malo enanso, makamaka pansi pa zogwirira. Sinthani yonse.

FUNSO: Nditasintha mapaipi onse achitsulo pa Peugeot 404, wilo lakutsogolo kumanzere limagwira osamasuka, ndipo limatentha. Mapaipi a labala sindinasinthe chifukwa akuoneka bwino. Wowerenga wa ku Chipata

YANKHO: Mwatchula nokha pamene tingayambire. Paipi ya labala imakalamba kuyambira m'kati. Imatupa n'kutsala ndi kanjira kakang'ono. Phazi lanu lili ndi mphamvu yokankha mafuta kudutsa pamenepo, koma pobwerera mafuta alibe chowakankha mokwanira, ndiye buleki imatsala itagwira. Kuti mutsimikize, kwezani wilo, pondani buleki n'kusiya, kenako masulani nipo yobulidira ya wilolo, kabauti kotulutsira mpweya m'mabuleki. Mafuta akathamanga kutuluka ndipo wilo n'kumasuka, ndiye kuti mphamvu imatsekeredwa, ndipo poti vuto lili pa wilo limodzi lokha, wolakwa ndi paipi ya labalayo kapena paipi yachitsulo imene inafinyika popinda. Wilo likapanda kumasuka, pisitoni ndi imene yagwira ndi dzimbiri.

Pa galimoto yodzutsidwa, mapaipi onse a labala asinthidwe. Abwino amakhala ndi chizindikiro cha SAE J1401. Mangani kaye mbali ya ku wilo, ndi washala watsopano wamkuwa ngati pamafunika, kenako mbali ya pa bulaketi, ndipo nati ya paipi yachitsulo ibwere pomaliza mutagwira paipi ya labala ndi sipanala ina. Mzere wojambulidwa m'litali mwake umasonyeza ngati yapotoka. Tembenuzani chiwongolero mbali zonse mpaka pothera, wilo lili lendelende komanso galimoto itatera pansi, muone kuti sikukokeka kapena kukhudza tayala.

FUNSO: Ndamaliza kuika mapaipi atsopano pa Land Rover 109 koma pedulo ndi yofewa ngakhale ndabulida kangapo. Ndithiremo mafuta anji, ndipo ndidziwa bwanji kuti galimoto yakonzeka kupita pamsewu? Wowerenga wa ku Dedza

YANKHO: Choyamba siyanitsani zinthu zitatu. Pedulo imene ikutsika kwambiri koma n'kulimba pansipo, n'kumakwera mukapopa kawiri, ikusonyeza kuti mashuzi atalikirana ndi dilamu ndipo akufunika kutchuna. Imene ikunyenyezeka pansi pa phazi, yosalimba, ili ndi mpweya. Imene ikulimba kenako n'kumamira pang'onopang'ono mutaigwira ikusonyeza kudontha, kapena malabala a master cylinder atha.

Mapaipi onse akakhala atsopano mpweya umakhala wambiri. Yambani ndi master cylinder: munthu wina aponde pang'onopang'ono, inu mumasule pang'ono nati yotulukira mutazinga nsanza, n'kumanga iye asanakweze phazi, mpaka thovu lithe. Kenako pitani ku wilo limene paipi yake ndi yaitali kwambiri kuchokera pa master cylinder, n'kumabwera kufupi. Pa magalimoto a chiwongolero cha kumanja nthawi zambiri ndi lakumbuyo kumanzere, koma tsatirani mapaipi ndi maso. Valani kapaipi koonekera m'kati pa nipo, kumapeto kwake kutamira m'botolo la mafuta pang'ono. Wopondayo aponde n'kugwira, inu mutsegule, pedulo itsike, mutseke, ndiye akweze. Chitini chisaume, apo ayi mwayambiranso. Ngati master cylinder ndi yakale, ikani kathabwa pansi pa pedulo kuti isafike pansi penipeni, chifukwa labala ikadutsa pamene sinkafika, pomwe pali dzimbiri, imang'ambika.

Land Rover 109 ili ndi khalidwe lake. Mawilo akutsogolo ali ndi ma cylinder awiri lililonse, wina pamwamba wina pansi, ndipo mpweya umakonda kubisala m'menemo. Bwezani zotchunira mashuzi mpaka kumapeto kuti mapisitoni alowe m'kati kwathunthu, malo obisalamo mpweya achepe. Bulidani zili choncho, kenako mutchune mashuzi. Ambiri amene amadandaula za pedulo ya 109 vuto limathera apa.

Mafuta ake ndi DOT 4, ochokera m'botolo losatsegulidwa. Gulani lita imodzi. DOT 4 yatsopano imawira pa madigiri 230 kapena kupitirira, DOT 3 pa 205. Mafutawa amayamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo akamwa madzi DOT 4 imatha kuwira pa 155. Potsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti ndi katundu, mabuleki a dilamu amatentha kwambiri, mafuta akale n'kuwira, pedulo n'kupita pansi. Muziwasintha zaka 2 zilizonse, ndipo potsika phiri giya yaing'ono izithandiza. DOT 5 ndi ya silicone ndipo siisakanizidwa ndi enawa, pomwe DOT 5.1 ndi ya gulu limodzi ndi DOT 3 ndi DOT 4. Mafutawa amasupula penti, choncho akadonthera pa bodi tsukani ndi madzi nthawi yomweyo.

Pedulo ikalimba, pukutani malo onse olumikizira aume. Pondani ndi mphamvu zanu zonse kwa mphindi imodzi, pedulo isasunthe. Kenako dutsitsani kapepala kofewa koyera kuseri kwa nati iliyonse, popeza chinyezi chochepa chimaoneka pa pepala chisanaoneke ndi maso. Onani kuti magetsi a buleki akuyaka ndiponso handibuleki ikugwira. Yesani galimoto pamalo athyathyathya opanda anthu, muyambe ndi liwiro la munthu woyenda pansi, kenako 30 km pa ola, muone ngati ikukokera mbali imodzi. Mukabwerera gwirani madilamu kuti mumve ngati lina latentha kuposa anzake, mudutsitsenso pepala pa manati onse, ndipo mudzabwerezenso pakatha sabata galimoto ikuyenda.